Kodi Phungu Ali Mthenga Kapena Nkhoswe?

Pamudzi pali anthu awiri amene alankhula m'malo mwa anzao, ndipo ngakhale ana adziwa kusiyana kwao. Wina ndiye mthenga. Mfumu ikamtuma, iye asenza mau monga anawalandira, osaonjezapo, osacotsapo. Akasintha liu limodzi wapalamula. Winayo ndiye nkhoswe. Nayonso ilankhulira mbale wace, nimuimira pa bwalo, nibvutika naye usiku ndi usana. Koma pamene mbaleyo walakwira mkazi wace, nkhoswe yeniyeni simbisira, imuuza pamaso kuti, Apa mwalakwa ndinu, ndipo ine sindikanena bodza cifukwa ca inu. Tsono funso limene tifuna kulingalira ndi inu mwezi uno ndi ili: munthu amene timsankha kuti akakhale ku Nyumba ya Malamulo, amene timucha phungu, timuyese mthenga kapena nkhoswe? Akaponya voti yace mosiyana ndi cifuniro ca ife amene tinamtuma, watinyenga kodi, kapena wagwira nchito yace?

Funsoli si la anthu a m'tauni okha. Tonse tamva m'mene phungu ayesedwera pa mabwalo athu pamene cisankho cayandikira. Wina ati, Uyu ndi munthu, pakuti pamene anamwalira amai anga anatumiza bokosi ndi thumba la ufa. Wina ati, Iai, kwathu kuno sanapondeko ciyambire, ndipo mjigo umene analonjeza sitinauone. Zonsezi ziri ndi malo ace, ndipo tidzabwerako. Koma kawirikawiri simumva munthu alikufunsa kuti, Nanga pamene anakambirana za msonkho, kapena za minda ya makolo athu, kapena za ngongole imene adzabweza adzukulu athu, iyeyu anaima mbali iti? Komatu nchito imene tinamtumira ndi yomweyo.

Nyumba ya Malamulo ya kwathu inatengera miyambo yace yambiri ku Nyumba ya ku London. Ngakhale dzina la buku limene alembamo zonena za aphungu, lochedwa Hansard, licokera komweko. Cifukwa cace sikulakwa kukatapa fanizo kumeneko, pakuti mlandu uwu unazengedwako kale pakati pa phungu wina wochuka ndi anthu amene anamsankha. Dzina lace ndiye Edmund Burke. Anabadwira ku Dublin, m'dziko la Ireland, caka ca 1729. Atate wace anali Mprotestanti, amace anali Mkatolika, ndipo ici mucisunge m'mtima, pakuti cidzaonekanso m'tsogolomu. Analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1765, nachuka msanga cifukwa ca nzeru zace ndi kulankhula kwace. M'caka ca 1774 amalonda ena a ku Bristol anamuitana kuti akaimire mzinda wao. Bristol unali mzinda wa padooko, wa zombo zambiri ndi cuma cambiri, ndipo masiku amenewo unawerengedwa waciwiri kwa London. Amalondawo anaopa kuti mkangano wa boma ndi anthu a ku America udzaononga malonda ao, ndipo anadziwa kuti Burke anali munthu wofuna kuyanjana ndi a ku America.

Mzindawo unali kusankha aphungu awiri. Woyamba anapambana Henry Cruger, wamalonda wobadwira ku New York, ndi mavoti 3,565. Burke anatsatira ndi 2,707, kuposa womlondola ndi mavoti 251 okha. Pa 3 November onse awiri anaima pamaso pa khamu kuti athokoze. Cruger anayamba, nabvomereza kuti phungu ayenera kumvera malangizo a omsankha. Pamenepo Burke akadatha kungothokoza ndi kukhala pansi, monga acitira anthu ocenjera tsiku lacimwemwe. Koma iye anati popeza mnzace wautsa nkhaniyo, sangabise za kukhosi kwace. Anabvomera kuti nthawi ya phungu, ndi tulo tace, ndi mphamvu zace ziri za anthu amene anamsankha, ndi kuti zofuna zao ayenera kuzimva ndi ulemu waukuru. Koma anati pali cinthu cimodzi cimene sangawapatse kuti acilamulire, ndico cikumbumtima cace pamodzi ndi kuweruza kwa nzeru zace, pakuti zimenezi sanazilandire kwa iwo. Ndipo phungu wozitaya kuti akondweretse anthu, wawalanda cimene anamsankhira. Anatinso Nyumba ya Malamulo si msonkhano wa amithenga ocokera ku mafuko odana, yense kukokera kwao. Iri bwalo limodzi la mtundu umodzi, ndipo wosankhidwa ku Bristol, akalowamo, asenza dziko lonse.

Mau otere sabvuta kunena pamene ng'oma zacipambano zirikulira. Mtengo wace unadziwika zitapita zaka zinai.

Masiku amenewo Ireland inali pansi pa mfumu ya ku England, ndipo malamulo a ku London anamanga malonda a anthu a kumeneko. Sanaloledwe kugulitsa nsaru zao zaubweya ku maiko acilendo, kapena kutumiza kunja magalasi amene anapanga, ndipo katundu wambiri wa ku maiko a kutsidya kwa nyanja anayenera kudzera ku England asanafike kwa iwo. Malamulowo anaikidwa kuti amalonda a ku England asakhale ndi opikisana nao, ndipo a ku Bristol anali mwa iwo amene anadyerapo. Mu 1778 panabwera maganizo akumasula zina mwa zingwezo. Amalonda a ku Bristol anabvutika mtima, nalembera phungu wao kuti akane. Burke anawayankha ndi makalata awiri, amene anasindikizidwa kuti ali yense awerenge, nawauza poyera kuti sadzakana. Kuti kulemera kwa mnansi sikusaukitsa munthu, pakuti mnansi wolemera ndiye adzagula katundu wace. Ndi kuti si cilungamo kumanga manja a anthu ndi kuwanena kuti ali aulesi. Adani ace ananong'oneza kuti magazi a ku Ireland ndiwo alikulankhula mwa iye. Kupfuula kwa amalonda a m'mizinda ya England kunalakika, ndipo zocepa zokha zinapatsidwa. Koma caka cotsatira amuna a ku Ireland, amene anali atatenga mfuti kuti acinjirize dziko lao m'nthawi ya nkhondo, anaima ndi mfuti zomwezo pakati pa Dublin nafuna ufulu wa malonda; ndipo boma la Lord North, kumapeto kwa 1779 ndi kuciyambi kwa 1780, linapereka mwamantha zoposa zija linakana kupereka mwaufulu. Mau a akuruakuru akoma akagonera. Koma kwa Burke anagonera kopanda phindu, pakuti a ku Bristol sanamkhululukire.

Caciwiri cinali cowawa koposa, popeza cinakhudza cipembedzo. Panali lamulo lakale lakuti wansembe wa Cikatolika wopezeka alikucita Misa, kapena Mkatolika wophunzitsa sukulu, aikidwe m'ndende moyo wace wonse. Womneneza wansembeyo analandira mphotho ya mapaundi 100. Ndipo Mkatolika sanaloledwe kugula munda, ngakhale colowa ca atate wace cinakhoza kulandidwa ndi mbale wace wa Ciprotestanti. Mu 1778 Sir George Savile anadza ndi lamulo lakucotsa zilango zimenezi kwa iwo olumbira kumvera mfumu, ndipo Burke analigwiriziza ndi mtima wonse. Zitapita zaka ziwiri, m'June 1780, khamu lalikuru lotsogozedwa ndi Lord George Gordon linadza ku Nyumba ya Malamulo kufuna kuti lamulolo lifafanizidwe. Pafupifupi sabata lathunthu mzinda wa London unali m'moto. Anatentha nyumba zopemphereramo Akatolika, anaswa ndende ya Newgate, anatentha nyumba ya woweruza wamkuru Lord Mansfield, nafunkha ya Savile. Ndipo asilikari anapha anthu pafupifupi 300 mtendere usanabwere. Burke anacotsa mkazi wace kunyumba, koma iye mwini anayenda pakati pa khamulo osabisa dzina lace, ndipo sanabwerere m'mbuyo. Ife amene tipemphera m'mipingo yosiyana pamudzi umodzi, ndi kutunga pa citsime cimodzi, tidziwa msanga amene anali wolungama pa mlandu umenewu. Koma tikumbukire kuti anthu a m'khamu lija nawonso anayesa kuti alikucitira Mulungu nchito.

Cacitatu cinali ca angongole. Kumeneko munthu wolephera kubweza ngongole anakhoza kukhala m'ndende monga momwe anafunira mwini ndarama, ngakhale kufikira imfa. Lord Beauchamp anafuna kuti woweruza ndiye aone mlanduwo, kuti wangongole amene wapereka zonse ali nazo amasulidwe. Burke anamthandiza, ndipo amalonda okongoza anzao anadandaula.

Pa 6 September 1780, cisankho cina citayandikira, Burke anaima m'nyumba ya misonkhano ya mzinda, yochedwa Guildhall, nayankha milandu inai imene anthu anali kumnenera: itatu ija, ndi wina umene anauika poyamba, wakuti sanali kuwacezera. Umenewu unali woona. Zaka zinai zinapita osaponda ku Bristol, cinkana mzindawo uli pa mtunda wa mamailosi ngati 120 okha kucokera ku London. Iye anadzikanira nati nchito zao anali kuzigwira ku London, kuthamanga m'maofesi a msonkho ndi a zombo cifukwa ca katundu wao ndi anthu ao, pamene ena anali kuyenda m'makomo kugwirana canza ndi osankha.

Pa mlandu uwu ife tiganiza kuti analakwa, ndipo nzeru zace zonse sizimcotsera kulakwako. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mlendo akakutsina khutu uyesa ndeu. Nkhoswe iloledwa kudzudzula mbale wace cifukwa inali naye pa maliro, pa matenda ndi pa njala, ndipo mbaleyo adziwa kuti mau owawawo acokera m'nyumba. Munthu amene afuna kuti anthu amlole kutsutsana nao pa zinthu zazikuru ayenera kuwapatsa nkhope yace koposa anzace onse. Burke anawatumizira makalata okoma, komatu kalata siyankha funso laciwiri, ndipo siona misozi ya munthu amene malonda ace agwa cifukwa ca nkhondo. Cotero mai uja wonena kuti, Kwathu kuno sanapondeko, asanyozedwe monga wosadziwa. Alikunena cinthu coona ca nchito ya phungu.

Koma pa milandu itatu ija tiima naye, ndipo zifukwa zace nzosabvuta kumva kwa munthu amene anakhalapo pa bwalo la mfumu. Nduna zikadza pa bwalo ciweruzo ciri kale m'thumba, mboni zilankhuliranji? Aphungu asonkhana kuti amve zimene sanazimve kwao, za anthu a kunyanja, a kumapiri ndi a kucigwa, ndipo munthu amene walumbira kuti sadzasintha ngakhale amve ciani, wakhala ngati mtsuko wobvundikira pa mvula. Ndiponso lamulo likaikidwa limanga anthu onse, ngakhale iwo amene analibe wowalankhulira. Osauka a ku Ireland analibe voti ku Bristol. Wansembe wobisala ndi wangongole wa m'ndende sanathe kulembera phungu makalata aukali. Phungu ali yense akadakhala mthenga wa omsankha okha, anthu amenewa akadawakumbukira ndani? Tionenso kuti pamene timati anthu afuna cakuti, kawirikawiri tirikunena za iwo okhala ndi mau akuru. Amene analembera Burke anali eni zombo. Mai wogulitsa nsomba pa dooko sanafunsidwe, pakuti akazi analibe voti, ndipo mwa amuna a mumzindamo oponya voti anali ngati zikwi zisanu zokha.

Pano wina adzati, Mwatsegula khomo loopsa. Pakuti phungu ali yense wogulidwa ndi ndarama za akuru adzabwera kwa ife nati, Cikumbumtima canga ndico cinandiuza. Nzoona, ndipo ili ndilo bvuto lenileni la nkhani yathu. Mtima wa munthu sitiuona. Koma tikhoza kuona ngati cikumbumtimaco cinamlemeretsa kapena cinamsaukitsa. Cikumbumtima cimene masiku onse cilozera kumene kuli mpando wa unduna ndi galimoto yatsopano, ticiyang'ane kawiri. Ca Burke cinamtayitsa mzinda waulemu koposa umene anauimirapo. Tikhoza kuonanso ngati munthuyo anacita mobisa kapena poyera. Burke anawacenjeza tsiku loyamba. Pamene anasiyana nao anawauza nkhani isanathe, nalemba zifukwa zace. Ndipo potsiriza anadza yekha kudzaima pamaso pao, nawerenga milandu yace ndi pakamwa pace, nawasiyira ciweruzo. Osankha sakhoza kugwira dzanja la phungu pamene alikuponya voti, koma ali nayo mphamvu yonse yakumfunsa kuti anaiponya bwanji ndi cifukwa ninji, ndi yakumcotsa ngati yankho lace siliwakwanira. Phungu wofuna ufulu wa nkhoswe, koma wokana kufunsidwa, afuna kudya kuwiri.

Tsono kuti anthu afunse, ayenera kudziwa. M'masiku a Burke zinthu zinali cozondoka. Wosankha ananena voti yace mokweza pamaso pa bwana wace ndi mwini nyumba yace, ndipo inalembedwa m'buku; voti yacinsinsi inadza ku Britain mu 1872. Koma zonena za aphungu zinali zoletsedwa kusindikiza, kufikira mu 1771 pamene Nyumba inalimbana ndi osindikiza a ku London nilephera; ndipo Nyumbayo inayamba kulengeza yokha maina a oponya voti mbali iyi ndi iyo mu 1836. Anthu anabvutika zaka zambiri kuti voti ya wosauka ibisike ndi kuti ya phungu ioneke. Ife talandira zonse ziwiri: zokamba za aphungu zimveka pa wailesi, ndipo zilembedwa m'Hansard. Malamulo akuru a dziko lathu a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yakucotsa phungu nthawi yace isanathe, ndipo aphungu analicotsa mu 1995. Ena alira gawolo kufikira lero, ndipo tiwamvetsa. Ena ati likadasandutsa phungu ali yense mthenga wamantha. Koma pokhala palibe, tsiku lacisankho ndilo bwalo lokha limene latsala, ndipo munthu wofika pa bwalolo wosadziwa m'mene phungu wace anaponyera mavoti ace zaka zisanu, aweruza mlandu umene sanaumve. Asayese wina kuti voti imodzi ya phungu iri kanthu kacabe: m'July 2002, pamene anafuna kusintha malamulo kuti mtsogoleri wa dziko aziima kopanda malire, mavoti 128 anafunika, napezeka 125.

Tinenenso kuti masiku ano womanga dzanja la phungu kawirikawiri si anthu a kumudzi, koma akuru a cipani cace. Phungu wotere ali mthenga ndithu, koma wa mfumu yina, ndipo bokosi la maliro limene atitumizira likhoza kukhala nsaru yophimba maso athu kuti tisaone kumene atumidwa. Sitinyoza bokosilo, amene anaikapo mbale wace m'mphasa adziwa kulemera kwace. Koma wamalonda ali yense wacifundo akhoza kugula bokosi, pamene voti ya m'Nyumba ya Malamulo iri m'dzanja la munthu mmodzi yekha m'dera lonse.

Pali tsamba lina m'mbiri ya Burke limene ife a mu Africa sitingalilumphe. Bristol unali umodzi wa mizinda itatu, pamodzi ndi Liverpool ndi London, imene zombo zace zinanyamula anthu akuda kumka nao ku ukapolo kutsidya kwa nyanja, ndipo shuga ndi fodya zimene zinalemeretsa mzindawo zinalimidwa ndi akapolo. M'zaka zisanu ndi cimodzi zimene anaimira Bristol, munthu uyu amene analimba mtima cifukwa ca Ireland ndi Akatolika sanadze ndi lamulo lakuthetsa malonda amenewo. Mu 1780 analemba maganizo akufewetsa nkhanza zace ndi kuwathetsa pang'onopang'ono, koma pepalalo analisunga kufikira 1792. Pamene William Wilberforce anautsa nkhaniyi m'Nyumba mu 1789, Burke anaima naye nalankhula mwamphamvu. Koma pamenepo analibenso mavoti a eni zombo akuti awataye. Ife amene makolo athu anadziwa goli tiwerenga tsamba limeneli ndi mtima wolemera, ndipo litikumbutsa kuti poyesa phungu tiyang'anenso pamene anakhala cete.

Pa 9 September 1780, ataona kuti sadzapambana, Burke anaturuka mu mpikisano mavoti asanayambe kuponyedwa. Cruger, amene analonjeza kumvera malangizo, anapikisana, nagwa nayenso caka comweco. Anabwereranso mu 1784. Burke sanasowe pokhala, pakuti bwenzi lace Lord Rockingham anali ndi kamzinda kochedwa Malton, kumene osankha anatsata mau a mwini malo, ndipo anamlowetsa kumeneko. Ici cicepsako mtengo umene analipira, ndipo nkoyenera kucinena: munthu amene anakana kukhala mthenga wa anthu zikwi zisanu anakhala phungu mwa cifundo ca mkuru mmodzi. Anaimira Malton kufikira 1794, namwalira mu 1797. M'caka ca 1894 W. H. Wills, mwini malonda a fodya a ku Bristol, anapatsa mzindawo cifanizo ca Burke camkuwa, ndipo ciri ciimire pakati pa mzinda kufikira lero, dzanja lamanja liri m'mwamba monga munthu alikulankhula.